Miyezi Itatu ku Ulaya wa pa Dedza

Ndiyambe n'kuulula kuti pasipoti yanga ilibe chidindo ngakhale chimodzi. Masamba ake ndi oyera monga mmene ndinailandirira. Komabe kwathu ku Mphunzi alipo anthu amene mpaka lero amandifunsa kuti ku Ulaya kunali bwanji, ndipo akamafunsa amaluma mlomo kuti asaseke. Ndawapirira mokwanira. Lero ndati ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhani imeneyi ikamakambidwa ndi ena imanenepa. Ena afika ponena kuti ndinkagona m'phanga limodzi ndi anyani.

Ine ndinaphunzira uinjiniya wa makina ku yunivesite, ndipo ndinakhoza bwino ndithu (izi ndikuzinena msanga, chifukwa zimene zikubwerazi zikupangitsani kukayika). Nditamaliza ndinabwerera kumudzi kuti ndikadikire ntchito kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Zinatha zaka ziwiri. M'nyumba tinali awiri, ine ndi amayi, poti bambo anatisiya ndili ku sekondale. Amayi amalima chimanga, kabichi ndi mbatatesi, ndipo mbatatesi zimenezo n'zimene zinandiphunzitsa sukulu. Ine ndinkakonza mijigo, njinga zamoto za kabaza, ndi chigayo cha pamudzi chikafa. Anthu ankanditchula kuti a Injiniya. Ena ankatero mwaulemu, ena ankatero ngati akufunsa funso.

Anzanga a ku yunivesite anali atabalalika, wina ku migodi, wina ku fakitale ya shuga, ndipo mafoni awo anayamba kuchepa mpaka anatheratu. Pamudzi panalibe munthu woti ndikambe naye zimene ndinaphunzira. Ndikati ndifotokoze chifukwa chimene shafuti ya chigayo imathyokera pamalo amodzimodzi, mwini chigayo ankangoti, "Ingowotchererani, a Injiniya, anthu akudikira." Ndinaona kuti ndikakhalitsa, mutu wanga uchita dzimbiri. Ndiye ndinaganiza zokachita digiri yachiwiri kunja.

Inu amene simunayendepo njira imeneyi, mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ndinagwera. Makalata amakhala awiri. Yoyamba imanena kuti yunivesite yakupatsa malo. Imeneyi ndi yokoma kuiwerenga, koma siikweza munthu ndege. Yachiwiri ndiyo imanena amene akulipirire sukuluyo, ulendo, chakudya ndi pogona. Ena amalipiriridwa ndi boma la dziko limene akupitalo, ena ndi mabungwe othandiza ophunzira, ena pulofesa amawatenga kuti azimuthandiza pa kafukufuku wake, ena kampani imene amagwirako ntchito. Aliponso amene amalipiriridwa ndi bambo awo, koma amenewo sawerenga nkhani ngati ino.

Ine ndinafunsira malo ku yunivesite ina ya ku Ulaya, ndipo sikolashipu ndinafunsira ku bungwe lina. Ndinalemba kuti ndikufuna kupanga kamakina kophwanya zitsononkho ndi utuchi n'kuziumba, kuti anthu aziphikira m'malo mwa makala. Mafomu onse ndinalembera pa thanthwe lina kuseri kwa tchalitchi, pokhapo pamene pamagwira netiweki, mbuzi zikundiyang'ana.

Kalata yoyamba inabwera mu Malichi. Ndinatsika pa thanthwe paja chothamanga n'kukapeza amayi akusadzula nkhwani pakhonde.

"Amayi, andipatsa malo ku sukulu ya ku Ulaya ija."

Anaika lichero pansi. "Ulaya weniweni?"

"Weniweni. Koma pali kalata ina imene ndikudikira, yokhudza..."

Mawu otsalawo ndinauza nkhuku. Amayi anali atamanga kale chitenje, akulowera kwa amalume a Fabiano, mlongo wawo wamkulu. Amalume ndiwo eni mbumba, komanso ndi apampando a mphakati wathu, gulu la mabanja a Chikatolika amene timapemphera limodzi pamudzi. Nkhani ikafika kwa iwo ndiye kuti yafika pa wailesi.

Anabwera madzulo omwewo atavala jekete ya kutchalitchi.

"Mphwanga, tamva. Watichotsa manyazi. Unyamuka liti?"

Apa munthu wanzeru akanati, "Amalume, khalani pansi ndikufotokozereni za makalata awiri." Koma maso a amalume anali atanyowa, ndipo amayi anaima kumbuyo kwawo manja ali pachifuwa. Kwa zaka ziwiri panalibe amene anandiyang'anapo choncho, ndipo ndisaname, zinandikomera. Ndinangoti, "Zidziwika bwino tikakolola, amalume."

Ine ndinkati ndazemba funso. Ndinaiwala kuti kwathu "tikakolola" si mawu ozembera, ndi nthawi yeniyeni imene zinthu zimachitika. Maukwati amamangidwa tikakolola, ziliza zimamangidwa tikakolola, ndipo amene wanena kuti tikakolola ndiye kuti wapereka tsiku. Amalume anagwedeza mutu, n'kupita kukauza abambo mfumu a kuparishi kuti Lamulungu lomaliza la Meyi kukhale Misa yondidalitsa, kenako phwando lotsazikana pabwalo pawo.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti kalata yachiwiri ifika tsikulo lisanakwane, ndipo ifika ndi nkhani yabwino. Pamene ine ndinkadikira, mudzi sunkadikira. Kwaya inapeka nyimbo yokhala ndi dzina langa. Azimayi ananyika chimera cha thobwa. Amalume anasankha tonde wonenepa n'kuyamba kumuonjezera madeya. Tsiku lililonse popita ku thanthwe ndinkadutsa pamtengo pamene anamumangirira, ndipo ine ndi mbuziyo tinkayang'anana ngati anthu odikira chigamulo chimodzi.

Kalata yachiwiri inafika Lachitatu, kutatsala masiku anayi kuti phwando lichitike. Inayamba n'kundiyamikira, ndipo aliyense amene analandirapo makalata otere amadziwa kuti akayamba n'kukuyamikira ndiye kuti zako zada. Ofunsira anali ambiri, onse anali anzeru, ndipo bungwelo linali ndi chisoni kuti silitha kundithandiza. Nditafunsa ku yunivesite, anati malo anga awasunga mpaka kuchiyambi kwa Ogasiti. Ndikapanda kuonetsa umboni wa amene andilipirire, apatsa wina.

Ndinakhala pa thanthwe paja mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako ndinapita kunyumba nditatsimikiza kuti ndikanena zonse.

"Amayi, pali nkhani."

"Inenso ndili nayo. Taima pomwepo."

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chijasi chakuda chofika m'mawondo, chaubweya mkati. Anali atagulitsa nkhumba yawo n'kukwera matola mpaka kumsika wa ku Mayani, kumene anamva kuti kwatsegulidwa belo la majasi.

"Akuti kumeneko kuzizira kwake kumathothola makutu. Tayesa."

Ndinachiyesa, ndipo chinandikwana ngati anachita kundiyeza. Amayi anandizungulira akukonza kolala, kenako anafunsa, "Nanga nkhani yako ija?"

"Ndimati ndikuuzeni kuti ndifunika kukakhala kaye ku Lilongwe, kukonza mapepala a ulendo. Tsiku la ndege amanena mochedwa, ndiye musavutike zondiperekeza kubwalo la ndege."

Bodza loyamba linatuluka losalala choncho, osalikonzekera n'komwe. Ndinadabwa nalo ndekha.

Za phwandolo sindifotokoza zambiri, chifukwa ndikalikumbukira thukuta limatuluka ngakhale mu Juni. Abambo mfumu anandiwaza madzi odalitsa. Kwaya inaimba nyimbo ija kawiri. Tonde anafa. Akuluakulu analankhula motsatizana, kundilangiza kuti ndisakasiye kupemphera, ndisakakwatire mzungu osawauza, ndipo pobwera ndidzatenge makina olimira m'mapiri. Azimayi a mphakati anandipatsa kolona ndi kamba wa paulendo, mtedza wokazinga wodzaza jumbo. Pomaliza anati mwini ulendo alankhule. Ndinaimirira ndili ndi mawu oona pakamwa, ndipo ndikulumbira kuti ndinali nawo. Koma nditayang'ana kumene kunakhala azimayi, ndinaona amayi atawakhazika kutsogolo, pamkeka woyamba, malo amene chimwalirireni bambo anali asanakhalepo. Ndinameza mawu aja n'kunena kuti, "Ndikalimbikira sukulu." Nthungululu zinamveka mpaka kudambo.

Kwathu munthu akatsazika satsalanso pamudzi. Ukangogona masiku atatu, aliyense wokumana naye amakufunsa kuti, "Kodi simunapite?" Ndiye Lachiwiri ndinanyamuka. Nzeru imene ndinapeza inali yoti ndikabisale penapake, ndizikagwira ntchito, ndizikalemba makalata kulikonse mpaka ndipeze wondilipirira Ogasiti asanafike. Ndikatero bodza lija lidzasanduka zoona, ndipo palibe adzadziwe kuti linayamba lili bodza. (Pa pepala nzeruyi inkaoneka yolimba. Ife mainjiniya timadziwa kuti chilichonse chimalimba chili pa pepala.) Ku Lilongwe sindikanakhala, chifukwa kuli abale athu ambiri oyenda maso. Koma m'munsi mwa Phiri la Dedza munali bambo Ngozo, eni malo ochekera matabwa, amene ndinawakonzerapo injini ndipo anandiuza kuti ndikadzafuna ntchito ndidzawapeze.

Amalume anandiperekeza mpaka pamsewu wa tala. Anandikweza minibasi yopita ku Lilongwe, n'kuuza kondakitala kuti asamale chikwama chifukwa chikupita ku Ulaya. Titayenda pang'ono ndinatsika, kondakitala akundiyang'ana modabwa, n'kuoloka msewu kukakwera ina yolowera ku Dedza. Sindinaganize kuti amalume angakhale akadali pa siteji paja. Anali pomwepo, akufotokozera azimayi ogulitsa tomato za mphwawo, ndipo minibasi yathu inaima pafupi nawo kudikira anthu. Ndinaweramira pansi ngati ndikumanga nsapato, ndipo ndinaimanga nthawi yaitali moti mayi amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndikufuna kusanza. Pawindo ndinamva amalume akuti, "Panopa ali pafupi kulowa mu Lilongwe."

Bambo Ngozo ndi munthu wosachulutsa mawu. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa shedi ya matabwa, kokhala ndi bedi ndi msomali umodzi pakhoma. Nditawapempha kuti wina akandifunsa anene kuti sakundidziwa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchikwama.

"Mwaba chiyani kwanuko?"

"Sindinabe kanthu, bambo."

"Mwachimwitsa mwana wa eni?"

"Ayi."

"Ndiye mwathawa chiyani?"

"Phwando."

Kenako anati, "Macheka aakulu aja akutentha beringi. Muyambire pamenepo."

Ntchitoyo inali yabwino. Panali malamba, maberingi, mano a macheka, ndi injini yakale ya dizilo imene inkafuna kuinyengerera m'mawa uliwonse. Ndinkavala masiki ndi chipewa, ndipo utuchi unkandipatsa chifukwa chomveka chobisira nkhope. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akamakangana za mpira, ine ndinkakhala pa mulu wa matabwa ndi foni, kulemba makalata. Ndinalembera mapulofesa ambiri, aliyense ndikumuuza kuti kafukufuku wake ndi amene ndakhala ndikumulota chibadwire. Ambiri sanayankhe. Mmodzi anayankha kuti nkhani ya zitsononkho ndi yosangalatsa, koma thumba lake la kafukufuku ndi la injini za ndege. Mabungwe ena anali atasiya kale kulandira mafomu. Ena ankafuna munthu amene wagwirapo ntchito yolembedwa kwa zaka zingapo, ndipo kukonza mijigo sankakuwerengera. Makampani ankaphunzitsa antchito awo okha. Ndinafufuzanso za digiri yachiwiri ya konkuno, yophunzira Loweruka ndi Lamulungu, koma imeneyo imafuna munthu wa malipiro onenepa, komanso sindikanabwerera ku Mphunzi n'kukanena kuti Ulaya uja wasamukira ku Blantyre. Bambo Ngozo nditawafotokozera zonsezi, anati iwo angathe kundilipirira sukulu yoyendetsa thirakitala.

Choopsa chinali Lamulungu. Tisanasiyane tinapangana kuti Misa ikatha amayi azikwera pa thanthwe lija ndi amalume, amene ali ndi foni yamakono, ine ndiziwaimbira pa intaneti, pamene nambala siisintha ngakhale munthu ali dziko lina. Patatha masabata awiri ndinalengeza kuti ndafika bwino. Amalume anati akufuna zithunzi.

Apa ndi pamene Dedza inandithandiza. Mu Juni phiri limenelo limafunda nkhungu m'mawa, ndipo mitengo ya paini imaima m'mizere yowongoka ngati ya pa kalendala. Ndinavala chijasi chija, ndinakwera kamsewu ka m'nkhalango, ndinatsamira chimwala china chachikulu chong'ambika pakati, n'kudzijambula ndikumwetulira, mpweya ukufuka pakamwa. (Ndikudziwa kuti mu Juni ku Ulaya kumakhala kotentha. Koma ku Mphunzi aliyense amadziwa kuti ku Ulaya n'kozizira, ndipo sindinaone chifukwa chowasokonezera.) Amalume anaonetsa chithunzicho mphakati wonse, n'kuitanitsa china cha m'kalasi. Ndinapukuta injini ya bambo Ngozo mpaka inawala, ndinaijambula chapafupi kuti matabwa asaoneke, n'kulemba kuti apa ndi pamene timaphunzirira makina. Amalume anayankha kuti azungu nawonso amasunga zinthu zakale.

Amayi mafunso awo anali omwewomwewo Lamulungu lililonse.

"Chipale chagwa?"

"Sichinayambe, amayi. Akuti chayandikira."

"Ukudya chiyani?"

"Mbatatesi kwambiri."

"Ndiye sukuvutika. Chijasi chija ukuvala?"

"Tsiku lililonse."

Mwa mayankho atatuwa, awiri omalizawo anali oona.

Tsiku lina ndili pakati polankhula ndi amalume m'nkhalango muja, mayi wina wosenza nkhuni anatulukira pakona n'kundipatsa moni mokweza, "Mwaswera bwanji, achimwene?" Sindikanachita mwano, ndinayankha.

"Ameneyo ndani?" anafunsa amalume.

"Kuno kuli Amalawi ambiri, amalume."

"Zoona? Kwawo n'kuti? Tawapatsa foni ndiwalonjere."

Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Mayi uja anaima n'kumandiyang'ana, munthu wa chijasi cha m'mawondo woima pakati pa mitengo, kenako anafulumiza miyendo.

Zimenezi zimaseketsa lero, koma sindinasungulumwepo ngati miyezi imeneyo. Kumsika ndinkapita chothamanga, maso ali pansi, kuopa kukumana ndi wa kwathu wobwera kuchipatala cha pa boma. Ku Misa sindinkapita, chifukwa Akatolika a dera limodzi sachedwa kudziwana, ndiye belu likamalira ine ndinkakwera phiri ndekha. Anzanga a kuntchito anandiitanira ku mpira kawiri, ndinakana kawiri, ndipo anasiya. Panali masiku ena amene mawu okha amene ndinalankhula anali oti, "Zimitsani injini." Mtedza uja ndinkadya wochepa patsiku kuti usathe msanga, ndipo tsiku limene unatha ndinakhala pabedi nthawi yaitali nditagwira jumbo yopanda kanthu. Kukacha bwino, pamwamba pa phiri ndinkaona mapiri a kwathu chapatali. Munthu amene alidi ku Ulaya amadzitonthoza kuti pakati pali nyanja. Kwa ine pakati panali minibasi imodzi ndi kabaza.

Mu Julaye amayi anandiuza kuti chigayo cha pamudzi chafa, ndipo mwini wake wasowa wokonza. Atandifotokozera mmene chinkalirira chisanafe, ndinadziwa kuti ndi shafuti yomwe ija, ntchito ya theka la tsiku.

"Nanga mukugayitsa kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje. Ndikumanyamuka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Khosi ndiye likumandiwawa, koma iwe usadandaule. Limbikira sukulu."

Nditadula foni ndinakhala pansi pa mtengo. Ndinali ndi masipanala kuchipinda, ndinali ndi miyendo iwiri, ndipo ndinasiya mayi anga azisenza chimanga kuoloka mtsinje kuti ine ndisachite manyazi. Ndinazizindikira tsiku lomwelo, ndipo sindinapitebe.

Kuchiyambi kwa Ogasiti yunivesite inandilembera mwaulemu kuti malo aja yapatsa wina, ndipo ndili womasuka kudzafunsiranso chaka chamawa. Sabata yomweyo chifuwa cha fumbi ndi mphepo chinandigwira. Lamulungu ndinaimba foni mawu atasasa, ndikutsokomola ndisanamalize chiganizo chilichonse. Mphamvu zopeka nkhani ndinalibe. Amayi sanafunse za chipale. Anangomvetsera chifuwacho, n'kuti, "Chabwino. Pita ukapume."

Lachiwiri m'mawa ndinali nditagona chagada kunsi kwa tebulo la macheka, ndikumasula mabauti. Ndinamva bambo Ngozo akubwera ndi munthu. Ndili kunsiko ndinkangoona miyendo, ndipo pambali pa mabuti a bambo Ngozo panaima nsapato zapulasitiki zobiriwira, imodzi yosokedwa ndi waya pachidendene. Waya ameneyo ndinasoka ndine.

"A Injiniya," anatero bambo Ngozo, "ine ndanena kuti sindikukudziwani, monga tinapanganira. Koma mayiwa akuti si vuto, iwo akukudziwani."

Ndinakhala kunsiko kanthawi. Ndinamanganso bauti imene ndinali nditangoimasula. Ndikanakhala mpaka madzulo, koma chifuwa chinandipereka, ndinatsokomola.

"Tuluka," anatero amayi. Sanakweze mawu.

Ndinatuluka chokwawa, utuchi uli m'tsitsi ndi m'makutu momwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti alire kapena andikalipire pamaso pa anthu, ndipo zonsezo ndikanazilandira ndi manja awiri. Iwo anangoti, "Wawonda. Ku Ulaya kuno sakukudyetsa?"

Tinakakhala pa mulu wa matabwa. Anamasula kamtolo ka mandimu ndi kabotolo ka uchi n'kundiikira pamwendo. Ndinawafotokozera zonse, za makalata awiri aja, kuyambira tsiku limene anandiyesa chijasi. Anamvetsera osandidula. Pomaliza ndinafunsa amene anawauza kuti ndili kuno.

"Palibe wandiuza. Unandiuza ndiwe, ndi chithunzi choyamba chija."

"Chithunzi?"

"Mwala unatsamira uja, wong'ambika pakati. Ndisanakwatiwe ndi bambo ako ndinagwira ntchito zaka ziwiri ku nazale ya mitengo m'phiri muno. Masana tinkadyera pamwala umenewo. Mitengo inali kumbuyo kwako ija, ina ndinadzala ndi manja angawa. Lero ndangotsika pa boma n'kufunsa kumene amacheka matabwa, kumene kuli wokonza makina wosacheza ndi anthu. Sanavutike kundilozera."

Sindinkadziwa n'komwe kuti amayi anagwirapo ntchito m'phiri. Zaka zonsezi ndinali ndisanawafunsepo za utsikana wawo. Dedza yense ndi miyala yokhayokha, ine n'kukasankha umene mayi anga ankadyerapo mbatata.

"Amalume akudziwa?"

"Ukawauza wekha. Unatsazika anthu, ndiye malonje ukaperekanso kwa anthu omwewo."

Kwathu wobwera kuulendo amakhala pansi n'kupereka malonje, kufotokoza mmene wayendera kuyambira pamene ananyamukira. Lamulungu lotsatira ndinapereka anga pabwalo lomwe lija, pamaso pa mphakati wonse. Ndinayambira pa minibasi. Nditafika pa mayi wa nkhuni uja, wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linafa ndi phwete. Amalume okha sanaseke. Anandiyang'ana, anayang'ana mtengo umene ankamangirirapo tonde, n'kuti, "Ndiye mbuzi ija inafera Dedza?" Sanandilankhule mwezi wathunthu. Chigayo ndinachikonza Lolemba.

Funso limene linkandivuta ndinalifunsa patapita masabata angapo, tikusankha mbatatesi zambewu pakhonde.

"Amayi, ngati munadziwa kuyambira mu Juni, bwanji simunanene? Bwanji munkandifunsa za chipale Lamulungu lililonse? Chigayo chitafa munkadziwa kuti ndili pa Dedza pompa."

Sanadzutse mutu. "Ndinkaopa. Ndinati mwanayu wathawa manyazi, ndikangomuuza kuti ndamuona asiya kuimba foni, athawira ku Joni kapena kwina kumene sindikudziwa njira yake. Bola akhale pa Dedza, pamene ndikudziwa minibasi yake. Za chipalezo ndinkafunsa kuti uzilankhula nthawi yaitali, ndizimva mawu ako."

Ndinapitiriza kusankha, koma maso sankaonanso bwino, ndipo ndinaponya zowola zingapo m'dengu la zabwino mpaka amayi anandilanda dengulo.

Kwa bambo Ngozo ndikugwirabe ntchito, ndipo Loweruka lililonse ndimapita kumudzi masana, nkhope ili poyera. Mukafuna phunziro, lilipo losavuta: amalume anu musawauze za kalata yoyamba yachiwiri isanafike. Lovuta ndi limene landikanika. Ndikudziwa tsopano kuti ndikadzapezadi wondilipirira, ndidzapita kumene amayi sangakwere minibasi akadzamva ndikutsokomola pa foni. Ndaziganizira nthawi yaitali, ndipo zimandiwawa. Mafomu a chaka chino ndatumizabe.